Phunziro: Kufufuza Makolo Athu m'Mabuku a Maukwati ndi a Sitima za Panyanja

Mawu a Mulungu oti tiwerenge: Nehemiya 7:5-7 ndi 61-65; Mateyu 1:1-16; Machitidwe 27:1-2 ndi 37.

Cholinga: Kuti mayi aliyense adziwe poyambira pofufuza mbiri ya banja lake, adziwe kuwerenga mabuku akale mosamala, ndi kuti gulu lathu lithandize kusunga maina a makolo asanatayike.

Mawu oyamba

Amayi anzathu okondedwa mwa Ambuye, ambiri a ife takhalapo pa maliro pamene wowerenga mbiri ya malemu waimirira ndi pepala m'manja nayamba kudodoma. Chaka chobadwa sichikudziwika. Dzina la amayi awo a malemu, wina akuti ili, wina akuti ilo. Kwawo kwenikweni, ena akuti ku Likoma, ena akuti kutsidya kwa nyanja. Munthu amene akanatha kuyankha zonsezi ndi yemwe uja wagona m'bokosi.

Ku Malawi kalembera wa zitupa za unzika wa dziko lonse anachitika mu 2017. Agogo athu ambiri anabadwa, kukwatiwa ndi kumwalira popanda chikalata chilichonse cha boma. Komabe ambiri a iwo analembedwa penapake. Wansembe analemba dzina lawo tsiku la ubatizo ndi tsiku la ukwati. Ena analembedwa m'mabuku a sitima zimene ankagwiramo ntchito kapena kukwera. Mabukuwa alipo, koma palibe limodzi limene limafotokoza zonse. Buku limafuna munthu wodziwa nkhani za m'banja kuti alimasulire, ndipo m'mabanja athu odziwa nkhanizi kawirikawiri ndi ife amayi.

1. Zimene Baibulo likutiphunzitsa

Nehemiya atatsiriza kumanga linga la Yerusalemu anapeza buku la maina a anthu amene anayamba kubwera kuchokera ku ukapolo ku Babulo. Mabanja ena analephera kusonyeza makolo awo. Mabanja ena a ansembe anafufuza maina awo m'bukumo osawapeza, ndipo anachotsedwa pa unsembe. Tionetsetse ndime 63: mmodzi wa iwo anakwatira mwana wamkazi wa Barizilai wa ku Gileadi, natenga dzina la kuchikazi. Dzina likasintha, mbumba imavutika kulondola kumene inachokera. Ife a chikamwini nkhani imeneyi siyachilendo.

Mateyu akutchula amayi asanu mu mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu: Tamara, Rahabi, Rute, mkazi wa Uriya ndi Mariya. Wachinayiyo sanatchulidwe dzina lake. Anangotchulidwa ndi dzina la mwamuna wake. Dzina lakuti Batiseba timalipeza m'buku lina, la Samueli. Pofufuza amayi, buku limodzi silikwana.

Luka akutiuza kuti m'chombo chimene chinasweka ndi Paulo munali anthu 276. Koma m'chaputala chonsecho apaulendo otchulidwa maina ndi atatu okha: Paulo, Yuliyo mkulu wa asilikali, ndi Aristarko. Ena onse anangowerengedwa. Tidzaona kuti mabuku a sitima za pa nyanja yathu ali chimodzimodzi.

2. Tiyambire kwa amoyo

Tisathamangire ku ofesi ya parishi tisanakhale pamphasa ndi okalamba athu. Safunsa anadya phula. Titenge kope latsopano ndi cholembera, tipite kwa agogo, kwa azakhali, kwa amalume ndi kwa mwini mbumba. Tiyambe ndi ife eni: dzina lathu, makolo athu, kenaka makolo a makolo athu, kubwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi osadumpha.

Pa munthu aliyense tifunse izi: dzina la kuubwana, dzina la kuchinamwali ngati linalipo, dzina la ubatizo, mfunda kapena chiwongo, mudzi ndi mfumu yake, tchalitchi chimene ankapemphera, ndi ntchito imene ankagwira. Tifunsenso kuti ankhoswe a ukwati wake anali yani.

Okalamba sakumbukira zaka ndi manambala, koma amakumbukira zochitika. Akati "anabadwa chaka cha njala yaikulu", tikudziwa kuti mwina ndi 1949. Akati "anakwatiwa sitima ya Vipya itangomira", ndiye kuti ndi 1946 kapena 1947. Akati "Ilala itangoyamba kuyenda", ndi 1951. "Nkhondo ya Chilembwe" ndi 1915. Tilembe mawu awo monga atiuzira, ndipo pambali tilembe dzina la wotiuza ndi tsiku. Akatsutsana anthu awiri, tilembe zonse ziwiri. Buku la tchalitchi lidzatithandiza kuweruza pambuyo pake.

3. Buku la maukwati

Parishi iliyonse imasunga kaundula wa ubatizo, wa osanjikidwa manja ndi bishopu, wa maukwati ndi wa maliro. Pa mabuku onsewa, la maukwati ndilo lolemera koposa kwa wofufuza, chifukwa pa mzere umodzi limakumanitsa mabanja awiri.

Kawirikawiri m'bukuli timapeza tsiku ndi malo a ukwati, maina a mkwati ndi mkwatibwi, midzi yawo, maina a abambo awo, maina a mboni, ndi dzina la wansembe amene anadalitsa. Mabuku ambiri akale ali ndi mitu ya m'Chingerezi. Mawu akuti bachelor ndi spinster akutanthauza mwamuna ndi mkazi amene sanalowepo m'banja. Widower ndi widow ndi amene anaferedwa. Tikapeza mawu awiri otsirizawa, tidziwe kuti panali banja lina loyamba, ndipo mwina kuli abale amene sitikuwadziwa. Pamalo a zaka zakubadwa nthawi zina analemba full age, kutanthauza kuti munthuyo anali wamkulu, osatchula zaka.

Tiyang'anenso posayina. Amene ankadziwa kulemba analemba dzina lawo ndi dzanja lawo. Amene sankadziwa anaika kamtanda kapena chidindo cha chala. Ndi chinthu chogwira mtima kuona dzanja la agogo amene sitinawaonepo. Ndipo tikapeza kuti mkwatibwi anasayina yekha, tadziwa kuti anapita kusukulu ya mishoni, ndiye tikhoza kukafunsanso ngati mabuku a sukuluyo alipo.

Vuto lalikulu ndi ili. Mabukuwa anakonzedwa motsata mwambo wa ku England, kumene munthu amadziwika ndi bambo wake. Achewa, Anyanja, Ayao ndi Alomwe ambiri amawerenga mtundu kuchokera kwa mayi. Choncho buku limafunsa dzina la bambo, pamene mudzi, munda ndi ufumu zimatsata mayi amene sanalembedwe. Apa mboni zimatithandiza. Nthawi zambiri mboni zinali ankhoswe, ndiye kuti amalume kapena alongo a mkwatibwi. Dzina la mboni likhoza kukhala khomo lokhalo lolowera ku mtundu wa kuchikazi. Tisalidumphe. Tikapeza munthu mmodzi akuchitira umboni maukwati atatu kapena anayi m'zaka zoyandikana, tifunse okalamba ngati akwatibwi onsewo sanali mbumba yake.

4. Misampha powerenga

Choyamba ndi maina. M'mishoni yathu ya UMCA munthu ankayamba ngati womvera mawu, kenaka ankalandira mtanda ngati wophunzira, ndipo ubatizo unkabwera patapita zaka. Pobatizidwa ankalandira dzina latsopano. Munthu mmodzi akhoza kupezeka ndi dzina lakumudzi m'buku lina ndi dzina lachikhristu m'buku lina. Yohana wa m'buku la tchalitchi angakhale John m'buku la kuntchito. Ambiri ankatenga dzina loyamba la bambo wawo kukhala dzina lachiwiri, kotero dzina la banja linkasintha m'badwo uliwonse. Mayi akakwatiwa ankayamba kulembedwa ndi dzina la mwamuna, ndipo kumudzi ankamuitana ndi mfunda wake kapena dzina la mwana wake woyamba.

Chachiwiri ndi kalembedwe. Ansembe achizungu ankalemba monga amvera. L ndi r ankazisinthanitsa, ndipo h amene ife timalemba mu Nkhoma kapena Mphande nthawi zambiri ankamusiya. Dzina tiliwerenge mokweza, timve ngati likufanana ndi limene tikufuna.

Chachitatu ndi maina a malo. Kota Kota ndi Nkhotakota. Fort Johnston ndi Mangochi. Port Herald ndi Nsanje. Deep Bay ndi Chilumba, Florence Bay ndi Chitimba. Msumba ndi Messumba ku Mozambique, Mtengula ndi Metangula. Sphinxhaven ndi Liuli ku Tanzania. Fort Jameson ndi Chipata, Salisbury ndi Harare.

Chachinayi ndi tsiku la ukwati. Mabanja ambiri anakwatirana kumudzi pamaso pa ankhoswe, nadzadalitsa ukwati m'tchalitchi patapita zaka, atabatizidwa onse awiri. Tikapeza kuti ana anabadwa tsiku la m'bukulo lisanafike, tisafulumire kuweruza agogo athu. Mwina bukulo likusonyeza tsiku la mdalitso chabe.

5. N'chifukwa chiyani tifufuze za sitima?

Mpingo wathu unakula ndi nyanja. Amishoni a UMCA anayamba ku Magomero mu 1861, ndipo Bishopu Charles Mackenzie atamwalira mu 1862 ntchito inasamukira ku Zanzibar mu 1864. Anabwereranso kudzera kum'mawa kwa nyanja, nakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. Chaka chomwecho sitima ya mishoni yotchedwa Charles Janson inalowa m'madzi. Bambo William Percival Johnson ankayenda nayo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kusiya aphunzitsi ndi kudzawayendera. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja mu 1895, naikidwa ku Nkhotakota. Sitima yaikulu yotchedwa dzina lake inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa zoposa 3,000 kudzera mu Zambezi ndi Shire, anthu anazisenza pamutu polambalala mathithi a Shire, ndipo inayamba kuyandama mu 1901.

Izi zikutiuza zinthu zitatu.

Poyamba, midzi yambiri inalibe wansembe wokhalitsa. Ubatizo ndi maukwati zinkadikira tsiku limene sitima ifika. Choncho ukwati wa m'mudzi waung'ono ukhoza kupezeka m'buku la kusiteshoni yaikulu monga Likoma, Nkhotakota, kwa Mponda kapena Malindi, osati m'tchalitchi cha m'mudzimo.

Kachiwiri, nyanja inkalumikiza anthu amene lero agawidwa ndi malire. Dayosizi ya Nyasaland inkafika kum'mawa kwa nyanja, m'madera amene tsopano ndi Mozambique ndi Tanzania. Mphunzitsi wa ku Likoma ankatha kutumizidwa ku Msumba, kukwatira komweko, ana nkubadwira ku Nkhotakota. Tikasowa dzina kuno, tiganizire kutsidya.

Kachitatu, sitima zinkalemba anthu ntchito. Panali amalinyero, osonkha moto, ophika, akalipentala, okonza injini ndi odula nkhuni, pakuti sitima zoyambazo zinkayendera nkhuni. Ku Malindi kunali malo a mishoni okonzerako sitima, kumene anyamata ambiri anaphunzira umisiri. Ngati m'banja mwathu muli mawu akuti "agogo ankagwira m'sitima", tifunse kuti sitima iti. Ya mishoni, ya boma monga Guendolen, ya kampani ya Mandala, kapena ya Nyasaland Railways monga Vipya ndi Ilala? Mwini sitima ndiye amatilozera kumene mabuku ake angapezeke.

6. Mabuku a sitima amanena chiyani?

Sitima inkakhala ndi buku limene kaputeni ankalembamo za tsiku lililonse: doko limene achoka, kumene aima, nyengo, ndi zachilendo monga matenda, imfa kapena ngozi. Panalinso mabuku a malipiro a antchito, mndandanda wa apaulendo, ndi malipoti a kafukufuku pakachitika ngozi.

Tisayembekezere zambiri pa mndandanda wa apaulendo. M'nthawi ya atsamunda otchulidwa maina kawirikawiri anali azungu. Anthu athu okwera m'kalasi yotsika ankangowerengedwa, monga aja 276 a m'buku la Machitidwe. Amene anasenza zidutswa za Chauncy Maples timawadziwa ndi kuchuluka kwawo chabe. Maina a anthu akuda amapezeka msanga m'mabuku a malipiro, m'makalata a amishoni, ndi m'magazini ya UMCA yotchedwa Central Africa, imene inayamba kutuluka mu 1883 ndipo inkatchula aphunzitsi ndi antchito ena.

Komabe ngakhale buku lopanda dzina la agogo limathandiza. Tiyerekeze kuti azakhali atiuza kuti makolo awo anadalitsa ukwati sitima ya mishoni itafika m'mudzi mwawo nkhondo yoyamba isanayambe. Nkhondoyo inafika pa nyanja mu Ogasiti 1914, pamene Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven, ndipo Chauncy Maples inatengedwa kukanyamula asilikali. Ndiye kuti tifufuze zaka za 1914 isanafike. M'malo motsegula mabuku a zaka makumi anayi, titsegula a zaka zowerengeka.

Ngozi ya Vipya ndi chitsanzo china. Sitimayi inamira pa 30 Julaye 1946 pafupi ndi Florence Bay, ikuchokera ku Mbamba Bay, ndipo anthu 145 anafa. Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, kuli chikumbutso chake. Mabanja amene anataya abale pamenepo alibe manda oti akasese. Kwa iwo kupeza dzina la m'bale wawo m'buku la ubatizo kapena la ukwati, ndi kulilemba pamodzi ndi tsiku la ngoziyo, ndi chitonthozo chachikulu.

7. Amene anawoloka nyanja yamchere

Mabanja ena nkhani yawo imafika kutali koposa. M'zaka za m'ma 1800 zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa akapolo kupita kum'mawa kwa nyanja. Kuchokera kumeneko ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankakagulitsidwa ku Zanzibar. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo UMCA inamanga tchalitchi chachikulu cha Christ Church.

Sitima zankhondo za Britain zinkagwira zombo za akapolo pa nyanja ya India. Akaputeni ankalemba tsiku, malo ndi chiwerengero cha omasulidwa. Omasulidwawo ena anaperekedwa ku mishoni yathu, anyamata ku sukulu ya Kiungani, atsikana ndi mabanja ku Mbweni. Ena anatumizidwa ku Seychelles, ku Bombay, ku Frere Town pafupi ndi Mombasa, ndi ku Durban. M'mabuku ena analembamo mtundu wa munthu, ndipo mawu akuti Nyassa ndi Yao amapezekamo. Amenewa ndi ana amene makolo awo kuno anawalira osadziwa kumene anathera.

Ena mwa ophunzira a ku Kiungani anabwera kunyanja ngati aphunzitsi oyamba. Wodziwika kwambiri ndi Augustine Ambali, amene anabedwa ali mnyamata m'dera limene tsopano ndi Tanzania, namasulidwa m'chombo cha akapolo. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Msumba, anadzozedwa unsembe, ndipo analemba buku la moyo wake lotchedwa Thirty Years in Nyasaland. Moyo wa munthu wotere umayamba kulembedwa m'buku la sitima ngati nambala, kenaka m'buku la ubatizo ngati dzina, kenaka m'buku la maukwati ngati tsinde la banja latsopano. Ngati m'banja mwathu muli mbiri yakuti kholo lathu "linabwera ndi amishoni kuchokera ku Zanzibar", njira yofufuzira ndi imeneyi.

8. Mabuku ali kuti?

Tiyambe ndi wansembe wa parishi imene ukwati unachitikira. Ngati parishiyo ndi yatsopano, tifunse kuti inatuluka m'parishi iti. Kenaka tifunse ku ofesi ya dayosizi. Tikumbukire kuti mpaka 1971 dziko lonse linali dayosizi imodzi. Chaka chimenecho inagawidwa kukhala Lake Malawi ndi Southern Malawi. Northern Malawi inayamba mu 1995, ndipo Upper Shire mu 2002. Buku lakale likhoza kukhala m'dayosizi ina, osati imene mudziwo uli lero.

Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Tidziwiretu kuti mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyamba zinapsa. N'chifukwa chake mabuku a mishoni ndi amtengo wapatali pa zaka zimenezo. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, ndipo ku Mangochi kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja. Makalata ambiri a amishoni a UMCA ali ku laibulale ya Bodleian ku Oxford, ndipo mabuku a sitima zankhondo za Britain ali ku National Archives ku Kew, mu London. Amene ali ndi ana kapena abale ku Britain angawapemphe kuti akafufuze kumeneko.

Popita kulikonse titenge pepala lolembapo maina onse a munthuyo, mudzi, ndi zaka zimene tikuganizira. Wosunga mabuku sangatithandize tikangoti "tikufuna agogo athu". Tikapatsidwa buku tiligwire ndi manja oyera ndi ouma, osanyambita chala potsegula masamba, osalembamo kanthu. Tikopere ndi pensulo mzere wonse monga ulili, ngakhale pamene tikuganiza kuti analakwitsa, ndipo tilembe dzina la buku ndi nambala ya tsamba. Kujambula ndi foni kukhale ndi chilolezo cha wansembe, ndipo tijambule za banja lathu lokha, pakuti pa tsamba lomwelo pali nkhani za mabanja ena.

9. Tikapeza zowawa

Amayi, wofukula zakale amakumana ndi zimene samayembekeza. Tikhoza kupeza kuti kholo lathu linali kapolo, kapena kuti linali pakati pa ogulitsa anzawo. Tikhoza kupeza kuti agogo aamuna anasiya akazi ena kuti abatizidwe, ndipo agogo athu enieni ndi amene anasiyidwawo. Tikhoza kupeza kuti amene anatchona ku Halale kapena ku Joni anakwatiranso kumeneko.

Mateyu sanabise Tamara, Rahabi kapena nkhani ya mkazi wa Uriya. Anawalemba m'mzere wa Mpulumutsi. Ifenso tilembe zoona, koma tizilankhule mwachikondi ndi pa nthawi yake. Nkhani yokhudza munthu wamoyo tiyambe tauza mwini wake, pamodzi ndi akuluakulu a banja, isanamveke pagulu. Zimene tapeza zisakhale chida chonyozera banja lina kuti ndi akapolo kapena obwera, kapena choyambitsira milandu ya minda ndi ufumu. Zimene taona m'buku zokhudza banja la mnzathu zithere m'maso mwathu. Ndipo tikapeza abale atsopano, tikumbukire kuti chibale ndi fupa, sichiola.

10. Ntchito ya gulu lathu

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha nthambi iliyonse kuti m'miyezi itatu ikubwerayi ichite izi:

Mayi aliyense agule kope la mbiri ya banja, alembe mibadwo itatu kumbali ya amayi ndi ya abambo, ndi maina onse a amayiwo, osati "mkazi wa uje" chabe.

Poyendera okalamba ndi odwala, awiri mwa ife atenge kope. Wokalamba akalola, tilembe zimene akukumbukira, ndipo pepalalo tilipereke kwa banja lake.

Amayi atsogoleri apemphe wansembe ndi akuluakulu a mpingo kuti aonere pamodzi mmene mabuku a parishi akusungidwira. Adani ake ndi chiswe, mphemvu, mbewa, chinyontho ndi denga lodontha. Mabuku akhale m'kabati yotseka, yosakhudza pansi kapena khoma. Tsamba long'ambika lisamatidwe ndi selotepi, chifukwa imawononga pepala pakapita nthawi. Ngati kabati palibe, gulu likhoza kusonkha.

Pa maukwati a ana athu tionetsetse kuti maina alembedwa onse ndi molondola, ndipo kalata ya ukwati yasungidwa pabwino. Kuseri kwa chithunzi chilichonse tilembe maina, malo ndi chaka.

Mafunso okambirana

1. Ndani wamkulu koposa m'banja mwanu amene ali moyo? Mudzamuyendera liti?
2. Kodi mungatchule dzina lenileni la agogo aakazi a amayi anu? Ngati ayi, angalidziwe ndani?
3. Kodi m'banja mwanu alipo amene anagwira ntchito m'sitima, kapena amene anachokera kutsidya kwa nyanja?
4. Mutapeza nkhani yochititsa manyazi m'buku lakale, mungayambe kuuza yani, ndipo mungaiyambe bwanji?
5. Mabuku a parishi yathu akusungidwa pati, ndipo ife tingathandize chiyani?

Pemphero

Atate Wakumwamba, Inu mumadziwa munthu aliyense ndi dzina lake, olembedwa m'mabuku ndi amene anangowerengedwa. Tikukuthokozani chifukwa cha amayi ndi abambo amene anatitsogolera, aphunzitsi, amalinyero, osenza katundu, ndi onse amene anamira kapena kutengedwa ukapolo osabwerera. Tipatseni khama lofunsa okalamba athu akadali nafe, nzeru powerenga, ndi chifundo pa zimene tidzapeza. Dalitsani mabanja athu ndi ana amene adzawerenga zimene tikulemba. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.